Ultrasound ya mu ubongo pa matenda ovutika maganizo osamva mankhwala: alipo akudziwapo kanthu?

NaMbewe
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, ndipo amene akudziwa andiyankhe mosandinyengerera chonde. Achimwene anga akhala akudwala matenda ovutika maganizo kwa zaka zambiri. Mapiritsi amamwa mokhulupirika, awasinthira kangapo, uphungu analandira, koma akapezako bwino milungu ingapo amabwereranso pansi. Adokotala anatiuza kuti ali m'gulu la anthu amene matenda awo samva mankhwala. Ndiye ndawerenga kuti kuli njira yatsopano ya ultrasound, akuti amaloza mafunde pa kamalo kamodzi mkati mwa ubongo popanda kung'amba mutu. Kodi ndi zoona? Ndi makina omwe aja a sikani ya amayi oyembekezera? Ndikufuna ndimve kaye ndisanawauze, sindifuna kuwakweza mtima pachabe.

Gondwe
Ndi zoona ndithu mayi, koma makinawo ndi ena. Ine ndikambapo za mafundewo, za matendawo anena anzathu azachipatala.

Khutu la munthu limamva phokoso lonjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kupitirira pamenepo sitimva kanthu, ndiye ultrasound imeneyo. Sikani ya mimba imagwiritsa ntchito mafunde onjenjemera ka mamiliyoni angapo pa sekondi, ndipo ntchito yake ndi kujambula basi. Ya mu ubongo amaitsitsa, kawirikawiri pakati pa 200,000 ndi 700,000, chifukwa fupa la chibade limameza mafunde apamwamba aja asanalowe n'komwe.

Nkhani yagona pa kuwasonkhanitsa. Mukaika galasi lokuzira zinthu padzuwa, kuwala kumakumana pa kadontho kamodzi n'kuwotcha pepala, galasilo osatentha. Apanso ndi momwemo. Mafunde amalowa m'mutu ali omwazika, opanda mphamvu pa malo amene akudutsa, n'kukakumana pa kamalo ka mamilimita ochepa mkati mwenimweni. Nzeruyi si ya lero. Anthu awiri apachibale, William ndi Francis Fry a ku University of Illinois, anasonyeza mu 1958 kuti mafundewa angathe kufooketsa kwa kanthawi mbali ina ya ubongo wa mphaka, kenako mbaliyo n'kuyambanso kugwira ntchito ngati kale. Kungoti masiku amenewo ankayamba achotsa chidutswa cha fupa. Kudutsitsa mafunde fupa lili pomwepo kunatheka patapita zaka zambiri, makompyuta atafika poti n'kuwerengera momwe chibade chimawakhotetsera.

Mai a Dalitso
Kuwotcha pepala?? Ndiye kuti akumawotcha ubongo wa munthu? Ine ayi, thupi langa lachita tsembwe.

Gondwe
Mai a Dalitso, mwagwira penipeni pamene ambiri amasokonezera. Njirazi zilipo ziwiri ndipo n'zosiyana kutalitali.

Yoyamba ndi ya mphamvu zambiri. Imeneyo imawotchadi. Munthu amagona mu makina a MRI, aja ojambula mkati mwa thupi, atavala chipewa chokhala ndi tizipangizo 1,024 totulutsa mafunde, kamalo kaja n'kutenthedwa mpaka madigiri 55 kapena 60, maselo a pamenepo n'kufa. Sizibwerera. Imeneyi ndi opaleshoni yeniyeni ngakhale palibe mpeni.

Yachiwiri ndi ya mphamvu yochepa kwambiri, ndipo ndi imene ikutchuka masiku ano pa matenda a maganizo. Siwotcha. Akatswiri anagwirizana kuti kutentha kusakwere kuposa madigiri 2. Imangogwedeza maselo a ubongo pang'onopang'ono, ndipo pa khungu la selo pali timipata timene timatseguka tikakankhidwa, tina mwa ito mayina ake ndi Piezo1 ndi TREK-1. Tikatseguka, selo limasintha momwe limatumizira uthenga, mwina kuwonjezera mwina kuchepetsa, malinga ndi momwe mafundewo akonzedwera.

Namwino Tiya
Ndiwonjezerepo pa yowotchayo. Bungwe la FDA, limene limavomereza mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaivomereza mu 2016, koma pa matenda onjenjemera manja, osati a maganizo. Kumeneko ikugwira ntchito yooneka ndi maso, munthu amalowa dzanja likugwedezeka, n'kutuluka akutha kugwira kapu.

Pa matenda ovutika maganizo anaiyesa pa anthu ochepa zedi. Ku Seoul, gulu la Jin Woo Chang pa Yonsei University linafalitsa zotsatira za anthu 4 mu 2018. Ku Toronto, pa chipatala cha Sunnybrook, anafalitsa mu 2020 za anthu 12. Mwa amenewa 6 anali ndi OCD, matenda aja obwerezabwereza maganizo ndi zochita, ndipo 4 anapezako bwino. Ena 6 anali ovutika maganizo, ndipo anapezako bwino ndi 2. Anthuwatu anali oti njira zina zonse zakanika.

Bambo Chisale
Pepani, ine ndikhala wotsutsa pankhaniyi, ndipo sindikuchita kufuna. Mbiri ya kukhudza ubongo wa anthu odwala maganizo ili ndi misozi yambiri. Egas Moniz analandira mphoto ya Nobel mu 1949 chifukwa cha opaleshoni yodula minyewa ya kutsogolo kwa ubongo, lobotomy. Dziko linaombera m'manja. Anthu masauzande ambiri anachitidwa, ambiri anatsala opanda chidwi ndi china chilichonse moyo wawo wonse.

Mwina munena kuti zimenezo n'zakale. Chabwino, tibwere pafupi. Mu 2005 Helen Mayberg ndi anzake ku Toronto anaika timawaya ta magetsi mkati mwa ubongo wa anthu 6, pa malo otchedwa subcallosal cingulate, ena amati Area 25. Njirayi ndi DBS. Anthu 4 anasintha modabwitsa, nkhani inamveka paliponse. Kenako anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa BROADEN, anthu 90, ena makina oyatsidwa ena ozimitsidwa osauzidwa. Patatha miyezi 6 panalibe kusiyana kogwirika pakati pa magulu awiriwo. Zotsatirazo zinatuluka mu 2017. Malo amene a ultrasound ena akulozawa ndi omwewonso a Area 25. Ndiye ndikamva kuti anthu ochepa achira, ndimakumbukira anthu 6 aja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpumulo
Bambo Chisale, ndakumvani, ndipo zimene mwanenazo n'zoona zonse. Koma ine ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawa, ndiloleni ndilankhulepo.

Mawu oti kudekha tawamva mpaka makutu kuwawa. Mankhwala aliwonse atsopano amati dikira milungu ingapo uone. Ukadikira osaona kanthu, amati tikweze mlingo, dikiranso. Akasintha mtundu, kudikira kumayambiranso. Amene sanadwalepo amayesa ndi chisoni chabe. Si chisoni. Ndi kudzuka m'mawa thupi lili lolemera, kusamba kukhala ntchito yofuna kuikonzekera, mwana wako kukusekerera iwe osamva kalikonse mkati, kenako n'kumadziimba mlandu chifukwa chosamva kanthuko. Zaka zimapita choncho.

Ndiye mukati 2 mwa anthu 6, inu mukuona 4 amene sanathandizike. Ine maso anga ali pa awiriwo. Sindikunena kuti ndingalole kuwotchedwa ubongo mawa, ayi, chinthu chosabwerera ndimachiopa. Koma musatilankhulire ngati kuti kukhala osachita kanthu kulibe ngozi. Matendawa amapha.

Bambo Chisale
Achimwene, sindinafune kukupwetekani mtima. Ndikuopa chinthu chimodzi chokha, kuti anthu ngati inu ndi amene amavulala kwambiri chiyembekezo chikakhala chabodza.

Mpumulo
Ndikudziwa bambo, palibe chakukhosi. Ndipo pa BROADEN ija pali mbali ina. Anthu aja anapitiriza kuwatsatira makina ali oyatsidwa, ndipo pofika zaka ziwiri pafupifupi theka anali atapezako bwino. Ena amati kafukufukuyo anaweruza msanga. Ena amati popanda gulu loyerekezera sungatsimikize. Mkanganowo udakalipo.

Limbani
Moni akuluakulu. Ndine wophunzira za udokotala, ndakhala ndikutsatira kafukufuku wa ya mphamvu yochepayo, ndiye ndinene zimene zatuluka.

Choyamba, chifukwa chake anthu akuikonda. TMS, njira ya maginito ija, imafika masentimita 2 kapena 3 okha kuchokera pakhungu la mutu, ndiye imangokhudza kunja kwa ubongo. Malo ngati Area 25 ndi amygdala ali mkati kwambiri. Kale kuti uwafike, unkayenera kuboola chibade n'kuika waya. Ultrasound imafika kumeneko munthu ali maso, osagonekedwa, n'kudzuka kumapita kwawo tsiku lomwelo.

Ku University of Utah, gulu la Jan Kubanek ndi Brian Mickey linayesa anthu 22 amene matenda awo samva mankhwala. Ena analandira mafunde enieni, ena onamizira, ndipo odwala ngakhale owayeza sankadziwa kuti ndani walandira chiyani. Pa zithunzi za MRI zinaoneka kuti Area 25 inachepetsadi kugwira ntchito mafunde akulowa. Atawerengera anthu 19 amene anamaliza monga mwa dongosolo, olandira zenizeni anaposa anzawo patatha maola 24. Koma atawerengera onse 22, kusiyanako sikunafike poti n'kutsimikiza.

Ku Paris anayesa anthu 5 kwa masiku 5, aliyense atamupangira kachipangizo kogwirizana ndi chibade chake kowongolera mafunde. Zizindikiro za matenda zinatsika ndi pafupifupi 60 pa 100 pofika tsiku lomaliza. Gulu loyerekezera panalibe. Ku Austin, pa University of Texas, gulu la Gregory Fonzo linaloza amygdala, mbali imene imakhudzana ndi mantha, pa anthu 29 a matenda osiyanasiyana a maganizo ndi nkhawa, tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu. Ambiri anapezako bwino, koma pa gawo la chithandizolo aliyense ankadziwa kuti akulandira zenizeni. Ziwiri zomalizazi zinatuluka mu 2025.

Zovuta zimene anthu amadandaula n'zazing'ono, mutu kupweteka, kutopa, khungu kufunda pamene paikidwa chipangizo. Koma anthu akakhala makumi awiri okha, vuto limene limagwera munthu mmodzi pa chikwi silingaoneke.

Achemwali Eneless
Ine sindinapite patali ndi sukulu, mundikhululukire. Koma ngati munthu wapeza bwino, zili ndi ntchito yanji kuti ankadziwa kapena sankadziwa? Kuchira ndi kuchira basi.

Limbani
Funso labwino achemwali, ndipo madokotala nawonso amalikambirana. Pa matenda ovutika maganizo, munthu akangokhulupirira kuti akulandira chithandizo champhamvu, amapezako bwino ndithu kwa kanthawi. Amati placebo. Si kunama ayi, amamvadi bwino. Tsono taganizirani munthu amene wakhala yekhayekha m'chipinda miyezi yambiri, lero akudzuka tsiku lililonse kupita kumene akatswiri akumulandira, kumufunsa momwe wagonera, kumuika mu makina aakulu. Zokhazo zikhoza kumudzutsa. Vuto ndi loti kupeza bwino kwa mtundu umenewu kawirikawiri sikukhalitsa. Ndipo ngati chikumuthandiza ndi chisamalirocho osati mafundewo, tiyenera kudziwa, kuti timupatse chisamalirocho mwachindunji m'malo momulozera mafunde mu ubongo.

Gondwe
Pa ultrasound palinso msampha wina wapadera. Tanena kuti khutu silimva mafundewa. Koma powatumiza amawadula tizidutswatizidutswa, kuyatsa kuzimitsa mofulumira, ndipo kudulako kumagwedeza fupa la mutu mpaka kukafika mkati mwa khutu. Munthu amamva kakulira. Mu 2018 magulu awiri, lina ku Caltech lina ku University of Minnesota, anapeza pa mbewa ndi mbira kuti zambiri zimene anthu ankati ndi ubongo kuyankha mafunde zinali kudzera m'khutu. Atazigonthetsa nyamazo, kuyankhako kunachepa kwambiri. Inali nkhani yowawa kwa ofufuza ambiri. Pambuyo pake ena anasonyeza kuti ngakhale nyama zosamva zimayankhabe, ndiye kuti mafundewo amakhudzadi maselo mwachindunji. Koma kuyambira pamenepo kafukufuku wabwino amayenera kuphimba kakulirako, mwina ndi phokoso la m'mahedifoni, kuti wodwala asazindikire gulu limene ali.

NaMbewe
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Ndiye ngati ndamva bwino, sindingapite ndi achimwene kuchipatala n'kukapempha chithandizochi?

Namwino Tiya
Mwamva bwino achemwali. Ya mphamvu yochepayi FDA sinaivomereze pa matenda ovutika maganizo. Njira yoyenera yoilandirira ndi kulowa mu kafukufuku wovomerezeka.

Koma ndikufuna nditsindike china, chifukwa ndimaona mabanja akuthamangira zatsopano pomwe zina zodziwika sizinayesedwe. Timati matenda samva mankhwala munthu akamwa mitundu iwiri yosiyana, pa mlingo wokwanira, mtundu uliwonse kwa milungu 6 mpaka 8, osasintha. Si zachilendo. Kafukufuku wamkulu wa STAR*D wa mu 2006, wa anthu oposa 4,000, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anali asanachire ngakhale atadutsa masitepe anayi a chithandizo. Ofufuza ena atawerengeranso pambuyo pake anati osachirawo anali ochuluka kuposa pamenepo.

Musanafike ku ultrasound, funsani adokotala izi. Kodi anaonetsetsa kuti si bipolar, matenda amene munthu nthawi zina amakhala pansi, nthawi zina n'kusangalala kapena kutakasuka mopitirira muyezo? Munthu wa bipolar akamapatsidwa mankhwala a kuvutika maganizo okha, nthawi zambiri sathandizika, ndipo ena zimawaipira. Kodi anayeza chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi? Nanga mowa, nanga kubanika kutulo, nanga mankhwala ena amene akumwa pa matenda ena? Zonsezi zimatha kugwira matendawa kuti asachoke.

Zikakhala kuti zonsezo zili bwino, pali kuwonjezera mankhwala ena monga lithium pamwamba pa amene akumwa. Pali TMS, imene FDA inavomereza mu 2008. Pali esketamine wopopera m'mphuno, wa mu 2019. Ndipo pali ECT, yodutsitsa magetsi mu ubongo kwa kanthawi kochepa, imene anthu amaiopa kwambiri chifukwa cha momwe ankaichitira kale. Inayamba ku Rome mu 1938, koma masiku ano munthu amagonekedwa tulo n'kupatsidwa mankhwala ofewetsa minofu. Pa matenda ofika poipa, mpaka pano ili m'gulu la njira zamphamvu kuposa zonse. Choipa chake sindibisa, ena amaiwala zinthu za masiku oyandikana ndi chithandizocho, ndipo ena kuiwalako kumawakhalitsa.

Chomaliza, ndipo ichi ndikunena kwa aliyense amene akuwerenga mwakachetechete: musasiye mapiritsi nokha chifukwa mwamva za njira yatsopano. Kusiya mwadzidzidzi kumadwalitsa. Ndipo wina akayamba kulankhula zofuna kudzipha, kapena kugawa katundu wake ngati akutsanzika, musadikire tsiku la sikelo yake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mai a Dalitso
Anamwino, apa mwathandiza anthu ambiri. Zoti bipolar n'kumasokonezedwa ndi matendawa sindinkazidziwa.

NaMbewe
A Mpumulo, ndifunse inu poti mukuzidziwa ndi thupi lanu. Ndiwauze achimwene za nkhaniyi kapena ndingokhala chete?

Mpumulo
Auzeni achemwali. Ife odwala timazindikira anthu akamatibisira zinthu, ndipo zimapweteka kuposa nkhani yoipa. Koma kauzidwe kake. Musawalowere ndi chisangalalo kuti achimwene mankhwala apezeka. Abale anga akabwera choncho ndimatopa asanamalize n'komwe kulankhula, chifukwa ndimadziwa kuti zikakanika ndidzayenera kuwatonthoza iwowo. Auzeni momwe zilili, kuti pali anthu ku Utah, ku Paris, ku Austin amene akuyesa njira ina, zoyamba zikulimbikitsa, koma anthu ake ndi ochepa. Akakhala ndi chidwi adzafunsa okha. Akangoti chabwino n'kutembenuka, asiyeni, musawakakamize kusangalala.

Kwa ine chimene chimandigwira mtima si kuti ndidzalandira chithandizochi. Mwina sindidzachilandira. Ndi kuona kuti pali anthu amene akuloza malo enieni mu ubongo n'kunena kuti vuto lili apa. Zaka zonsezi ndauzidwa kuti ndilimbe mtima, ndisiye kuganiza kwambiri, ngati kuti ndikuchita dala.

Kondwani
Pepani kulowerera mochedwa. Pa intaneti ndaona tizipangizo ta ultrasound togulitsa, tina tothandiza kupweteka kwa minofu. Munthu sangagule kamodzi n'kumadziika yekha pamutu?

Gondwe
Ayi achimwene, chonde musayerekeze. Timeneto anatipangira kufunditsa minofu, ndipo fupa limameza mafunde n'kutentha msanga kuposa mnofu. Chibade cha munthu aliyense n'chosiyana ndi cha mnzake, pena chokhuthala pena chopyapyala, ndipo chimakhotetsa mafunde mosiyana. N'chifukwa chake ofufuza amayamba ajambula mutu ndi MRI, nthawi zina ndi CT, kenako kompyuta n'kuwerengera kumene mafunde akathere. Ukaphonya ndi mamilimita ochepa wagunda malo ena amene ali ndi ntchito ina. Ngakhale pa opaleshoni yowotcha ija, anthu ena amabwezedwa chifukwa fupa lawo silidutsitsa mafunde bwino.

Kulondola kumeneku ndi kumene akatswiri akulimbana nako pakali pano. Mu 2025 ofufuza a ku University College London ndi Oxford anafalitsa za chipewa cha tizipangizo 256 chimene chinakwanitsa kuloza kamalo kakang'ono ka mu thalamus, mkati mwenimweni mwa ubongo, kokhudzana ndi kuona, pa anthu abwinobwino. Ngati iwowo akufunika makina otere, kachipangizo kogwira m'manja sikangachite.

Bambo Chisale
Pamenepo ndagwirizana nanu a Gondwe. Ndipo chimene ndikuyembekezera ine ndi kafukufuku wa anthu mazana, m'zipatala zingapo, wokhala ndi gulu lonamizira lobisidwa bwino, wowatsatira anthu miyezi 6 kapena chaka. Maola 24 ndi masiku 5 sizikwanira pa matenda amene munthu amakhala nawo zaka. Zikatuluka bwino pamenepo, ndidzakhala woyamba kuuza anthu.

Mpumulo
Kuti kafukufuku ameneyo achitike pakufunika anthu ngati ine ololera kulowamo. Nditapeza mwayi ndikhoza kulowa, ya mphamvu yochepayo. Kungoti ndili ndi nkhawa ziwiri. Ndikagwera m'gulu lonamizira, ndiye kuti ndangotaya nthawi? Ndipo kodi amakusiyitsa mapiritsi ako?

Limbani
Pa yoyambayo, kafukufuku wambiri amakonzedwa moti amene anali m'gulu lonamizira amadzalandira zenizeni gawo loyamba likatha. Si onse amatero, ndiye funsani musanasaine, ndipo zikhale zolembedwa pa chikalata chovomerezacho. Funsaninso kuti adzakutsatirani nthawi yaitali bwanji, komanso amene mungamuimbire usiku zinthu zikavuta. Muli ndi ufulu wotuluka nthawi ina iliyonse popanda kutaya chithandizo chanu cha masiku onse.

Namwino Tiya
Pa mapiritsi, kawirikawiri sasiyitsa. Amafuna kuti mlingo ukhale womwewo kwa milungu ingapo musanayambe komanso nthawi yonse ya kafukufukuyo, kuti kusintha kukaoneka adziwe kumene kwachokera. Chimene chimabweza anthu ambiri ndi MRI, ngati muli ndi chitsulo china m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Amafunsanso za khunyu. Ndipo adokotala anu a masiku onse adziwe musanalembetse, chifukwa ofufuzawo adzafuna mbiri ya mankhwala onse amene munamwapo, mlingo wake ndi nthawi yake.